Chadzunda pa Nsalu Yoyera

Harari, Salisbury
10 Meyi 1958

Mlongo wanga Enifa,

Moni kwa iwe, kwa Ababa ndi Amayi, ndi kwa nkhuku zonse zimene alendo sanadye. Ine ndili bwino. Nsikidzi za mu hositelo nazonso zikunenepa.

Tsono kwera pa chulu cha kuseri kwa chigafa, ukhosomole, ulengeze kwa anthu onse a m'komboni, kuyambira a Gray foromani mpaka agalu awo, kuti Loweruka lapitali ine Saulos, mwana wa a Yesaya Phiri, kalaliki wa pa sitolo ya nsapato, ndinalowa m'nyumba ya azungu kudzera pa khomo la kutsogolo. Palibe anandigwira kolala. Palibe anafunsa chitupa. Mlonda anati, "Lowani, bambo," ine n'kucheuka kuti ndione mzungu amene akuuzidwa zimenezi.

Nyumbayi ndi ya anthu a dziko lina la ku Ulaya, osati Angerezi. Akuti anabwera kudzationetsa chikhalidwe, poti anamva kuti kuno chinatha. Pansi pali chipinda cha zoonetsa: mbale zosadyera, mipando yosakhalira, zithunzi za mapiri a chipale, ndi chithunzi cha dona wosavala amene azungu amamuyang'ana atagwira chibwano ngati ali pa maliro. Ine ndinayang'ana pansi, ndine mwana wa Mpingo. Kenako ndinayang'ananso kuti nditsimikize kukula kwa tchimolo.

Pamwamba ndiye pali bayisikopo. Si ya anthu a pa akavalo ija amatibweretsera m'komboni, yodulidwa pakati kuti tisaone mzungu akupsompsona mkazi. Iyi ndi ya kunja kwenikweni. Anthu amalankhula chinenero chawo, Chingerezi n'kumayenda m'munsi mwa nsalu ngati nyerere. Ndinaonera ya mayi wina amene anakhala pa windo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, akudikira munthu amene sanabwere. Azungu anaomba m'manja. Inenso ndinaomba, kuthokoza kuti yatha.

Ndipo zonsezi n'zaulere, mahara, monga amanenera Mashona. Ndiye patinashipi ya azungu ndi anthu akuda imene amaiimba pa wailesi ija ndaipeza. Imakhala mu mdima, Loweruka masana, ndipo nyali zikayaka aliyense amapita kukakwera basi ya mtundu wake.

Ndamva kuti Amayi akubwera pa lole ya fodya ndi a Laxon dalaivala kudzayezetsa maso ku chipatala. Ku hositelo akazi saloledwa, ndiye ndawapemphera malo kwa mkazi wa abusa ku Highfield. Akalandira magalasi ndidzapita nawo ku nyumba imeneyi, kuti chinthu choyamba kuchiona bwino chisakhale nkhope ya a Laxon. Pa khomo alemba kuti kukubwera kanema wa magule a maiko osiyanasiyana. Amayi amakonda ng'oma, ngakhale amabisa pamaso pa abusa.

Undiuze za fodya wa chaka chino, ndi za mwamuna wa pa thirakitala amene ukuganiza kuti sindikumudziwa.

Mlongo wako,
Saulos


Pa purazi, Trelawney
3 Juni 1958

Saulos,

Ndine bambo wako Yesaya. Akulemba ndi Enifa. Moni sindikupatsa, ukamutenge kwa azungu ako aja poti kumeneko zonse n'zaulere.

Iwe unameta. Ndinakuperekeza ndekha ku dambwe usanapite ku sukulu ya mishoni, ndipo unauzidwa zimene amuna amauzidwa kumeneko. Tsono ndikufunsa. Mutu unausiya kuti pamene unatenga amako kupita nawo kumene kuli chinthu chija? Unaona chikuyamba, bwanji sunawatulutse? Miyendo unali nayo. Chitenje anali nacho, bwanji sunawaphimbe kumaso? Iwe unangokhala pa mpando wa azungu, kukamwa yasa.

Chinthu chija sindingachitchule poti akulemba ndi mwana wamkazi. Ukuchidziwa. Mlandu wagwa pa nyumba yanga. Bwera.

Yesaya Phiri

Achimwene, apa ndikulemba ndekha, Ababa apita ku chigafa. Akuti sindiyenera kudziwa zimene ndalembazi, ndiye ndalemba nditatsinzina, mukhululuke mizere yokhota.

Amayi andiuza zonse. Inu munali ku Halale chaka chatha pamene kunabwera azungu achilendo ndi makina a miyendo itatu. Bwana anapha ng'ombe, n'kulamula kuti gule atuluke kuti alendo ake ajambule. Ife tinaiwala n'kuiwala. Tsono Amayi akuti pa nsalu paja panatulukira bwalo lathu lomweli, akazi a m'komboni akuomba m'manja, Chadzunda n'kubwera akutsimphina ngati nkhalamba, kenako n'kuyamba kuwaza fumbi. Mpaka apo zinali bwino. Koma makina aja anatsatira Chadzunda kuseri kwa chigafa, iye osadziwa, n'kukweza chigoba kuti amwe madzi. Amayi ali ndi magalasi atsopano. Akuti anaimirira n'kukuwa, "Ii! Si bambo ake Enifa awo! Taonani thukutalo!" Holo yonse n'kufa ndi phwete.

A Laxon anakhala kumbuyo kwanu, ndipo amene anawaitana kuti adzaonere nawo zaulere ndinu. Atafika kuno, injini ya lole isanazizire a Gray, amenenso ndi mkulu wa gule m'komboni muno, anali atamva kale.

Lamulo mukulidziwa. Ife akazi timadziwa kuti zilombo za gule zimachokera ku manda, ndipo timadziwa zimenezo mwamphamvu kwambiri tsiku limene tikuchapa akabudula ofiira ndi fumbi la pa bwalo. Kudziwa si mlandu. Mlandu ndi kutchula munthu, pagulu, pamaso pa osameta ndi azungu. Ababa asiya kudya zophika Amayi. Ku mpopi akazi akaona Amayi akubwera amakumbukira kuti anasiya kanthu pa moto.

Bwerani. Nthabwala muzisiye ku hositelo.

Enifa


Harari, Salisbury
8 Juni 1958

Mlongo wanga,

Moni kwa iwe ndi kwa Amayi. Kwa Ababa upereke moni wanga ukaona kuti m'manja mwawo mulibe kanthu kolemera.

Ndiyankhe mlandu wanga. Inde, kukamwa ndinayasama. Munthu walowa kuti aonere anthu a ku India akuvina ndi zala, mwadzidzidzi akuona chimbudzi cha kwawo pa nsalu yaikulu ngati khoma la tchalitchi. Akanatseka pakamwa ndani? Pamene chigoba chimakwera, dzanja langa linanyamuka kuti litseke maso a Amayi, koma linafika mawu atatuluka kale.

Tsopano ndifunse ine, poti ndinameta ndipo ndili ndi ufulu wofunsa. Anaitana makina aja ndani? Amayi? Anadya ng'ombe ya bwana ndani? Ndinaiona pa nsalu ng'ombeyo. Ndinaonanso a Gray atasenza mwendo wathunthu pa phewa, akusekerera makina mano onse pamtunda. Gule amene makolo amamutulutsa pa maliro ndi pa chinamwali anatuluka dzuwa lili paliwombo chifukwa dona wa bwana anali ndi alendo ndipo nkhani za pa tiyi zinali zitatha. Tsiku limenelo mwambo unali ku tchuthi. Wabwerako lero, utanola mano, poti wapeza mayi wokalamba woti umulume.

Ukudziwa zimene zinalembedwa m'munsi mwa nsalu pamene Ababa amamwa madzi? Akuti, "Sing'anga wa m'nkhalango akupuma atalankhula ndi mizimu." M'nkhalango! Kuseri kwa chigafa, pamene timataya mapesi a fodya! Azungu a mu Salisbury aiona nkhope imeneyo, a ku Ulaya anaiona kale, ana awo anaiona akunyambita maswiti. Onsewo alibe mlandu chifukwa sadziwa dzina. Wolakwa ndi mmodzi yekha amene anasangalala kuona mwamuna wake.

Za a Laxon ndisanene. Munthu anakhala pa mpando wofewa umene ndinamupezera ine, anadya mtedza wanga, anaseka pamodzi ndi holo yonse mpaka kupukuta misozi. Chikumbumtima chinamugwira ali pa msewu wa Sinoia, atakumbukira kuti Chadzunda akasowa mwini pafunika wina.

Kubwera sindingathe. Mwini sitolo akuti nyengo yozizira ndi nyengo ya nsapato, ndikachoka ndisabwerenso. Koma muzu wa mlanduwu uli kuno. Ndipita kwa eni nyumba ija. Kanemayo achoke, ndipo akachoka ndione chimene a Gray adzaweruze.

Amayi akugona bwanji? Magalasi sakuwapweteka pa mphuno?

Saulos


Pa purazi, Trelawney
24 Juni 1958

Achimwene,

Moni. Tili moyo, zina musafunse. Kalata yanu ndinawawerengera Ababa ndikudumpha theka, ndipo theka lotsalalo linakwanira kuti aponye kapu pa khoma.

Mlandu unakambidwa Lamlungu pa bwalo. A Gray anakhala pa mpando chipewa cha uforomani chili kumutu, kuti tisaiwale kuti woweruzayo ndi yemwenso amachonga matikiti athu a ntchito.

Poyamba sanafune zambiri. Anati Amayi apereke mbuzi, agwade, anene pamaso pa anthu kuti magalasi anawanamiza, chimene anaona sichinali munthu. Basi. Ababa anali atagwira kale chingwe cha mbuzi. Ine mumtima ndinati zatha.

Amayi anagwada bwinobwino. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi nsonga ya duku, kuwavalanso. Anati, "A Gray, mbuzi tengani. Kukuwa kuja ndinalakwa, pepani, pakamwa panathamanga. Koma zoti ndiname, iyayi. Ndinabatizidwa ine. Zaka zonsezi amathowa miyendo ya chilombo chanucho ndi madzi otentha ndani? Chikachoka ku mandako chimadzagona pa mphasa ya yani?"

Akazi ena anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. A Laxon anadzuka. "Mwamva? Akubwerezanso!"

Amayi anati, "Khala pansi iwe Laxon. Ndinakusambitsa uli ndi chipere m'mutu monse."

Apo ndiye zinaipa. A Gray anavula chipewa, kuchiyang'ana m'kati, kuchivalanso. Anati popeza mkazi wakana kubweza mawu, nyumba imeneyi singasunge zonse ziwiri. Kaya Amayi achoke m'komboni abwerere kwawo ku Dedza, kaya Ababa apereke katundu wawo wa gule ku dambwe, asadzapondekonso, ndipo tsiku lawo likadzafika ng'oma sidzalira pa maliro awo. Awapatsa mpaka gule wa chikumbutso cha malemu a Sixpence, mwezi wamawa.

Ku Dedza Amayi anachokako ali mtsikana. Amene amawadziwa kumeneko ali m'manda. Ndipo Ababa mukuwadziwa. Sabata yonse bwana amawaitana kuti boyi, iwo n'kumavomera, imvi zili mbuu. Msana wawo umawongoka ng'oma ikalira basi.

Kunyumba kuno sakulankhulana. Amandituma ine ali pa mkeka umodzi. "Uwauze amako mu muriwo mchere wachepa." "Uwauze abambo ako mchere uli ku dambwe."

Ndiye inu mukuti mukukamenyana ndi nsalu. Menyanani nayoni. Koma a Gray sanafunse za nsalu ngakhale pang'ono. Chimene chikufunika kuno ndi mwana wamwamuna wometa, woti akhale pambali pa bambo ake n'kulankhula kumene ine sindiloledwa kufika. Ine ntchito yanga ndi kulemba, kuwerenga, ndi kunamizira kuti sindinamve. Wa pa thirakitala munamufunsa uja wayamba kudzera njira ya kumunsi kuti asadutse pakhomo pathu, ndiye musamufunsenso.

Mutumize sopo.

Enifa


Harari, Salisbury
6 Julaye 1958

Mlongo wanga,

Moni nonse. Sopo ali pa posi. Kwa Amayi unene kuti mawu a chipere aja ndawauza anzanga a mu hositelo ndipo akufuna awasankhe kukhala phungu.

Ndinapita. Ndinavala tayi. Dona wamkulu wa nyumba ija anandilandira mu ofesi, n'kundipatsa tiyi mu kapu yeniyeni, osati m'chitini cha jamu. Nditamuuza kuti wovina uja ndi bambo anga, anaomba m'manja.

"Zoona? Ndiye mukunyadira bwanji! Kwathu anthu analira poonera kanemayu. Analandira mendulo."

Ndinafunsa kuti mendulo ili kuti, Ababa aziibaya pa ovolosi. Akuti ili ndi amene anagwira makina.

Ndinamufotokozera za mwambo pang'onopang'ono, ngati ndikuyeza mwana nsapato. Ndinamuuza za Amayi, za Dedza, za maliro opanda ng'oma. Iye amangogwedeza mutu, maso akuwala.

"Ndiye akazi amadziwa koma sanena? Zokongola bwanji! Bambo Phiri, mungabwere Lachinayi mudzatikambire zimenezi mu holo? Anthu adzabwera ambiri. Kulowa n'kwaulere."

Enifa, ndinayang'ana kapu ija, ndinayang'ana khoma, koma ndinakumbukira kuti ku polisi nakonso kulowa n'kwaulere. Ndinangoti, "Mayi, mukanakonda kuti munthu abisale pa windo, ajambule bambo anu ali m'bafa, akaonetse ku Trelawney?" Anafiira mpaka m'makutu. Anati si zofanana, izi ndi zaluso. Ndinati Ababa nawonso akamasamba amasamba mwaluso. Anandiperekeza mpaka pa masitepe, n'kundiuza kuti kanemayo apitirira Loweruka lililonse chifukwa anthu amukonda.

Ndiye ndapeza njira ina. Dzulo tinapita anthu a ku Nyasalande okhaokha, ophika, a m'magaladeni, ochapa, onse ometa, kudzaza mizere ya pakati. Tinaonera a ku India mwaulemu. Tinaonera gule wathu. Pamene Chadzunda amakhotera kuseri kwa chigafa, tonse tinaimirira, kutembenuka, zipewa m'mwamba kutchinga kuwala kwa makina. Pa nsalu panangooneka mithunzi ya zipewa. Mzungu wina anakuwa kuti tikhale pansi. Wophika wina wa ku Kasungu anamuyankha kuti, "Pepani bwana, mwendo wagwira dzanzi." Kutithamangitsa sangathe, poti pa khomo analemba okha kuti onse ndi olandiridwa. Loweruka likubwerali tipitanso.

Ukuti ndibwere. Ndikabwera ndidzanena chiyani kwa a Gray chimene sichidzachotsetsa Ababa ntchito? Pakamwa panga ukupadziwa, ndinatengera Amayi. Ndisiye ndimenye kumene dzanja langa likufika. Uwauze Ababa asapereke kanthu kwa munthu. Adikire.

Saulos


Pa purazi, Trelawney
21 Julaye 1958

Achimwene,

Moni. Sopo anafika, zikomo. Kalata iyi ichedwa. A Laxon asiya kunyamula makalata a nyumba yathu, ndiye idikira munthu wopita ku siteshoni.

Ababa sanadikire. Lachisanu m'mawa anatsitsa thumba lija limakhala ku denga, limene ine sindinalionepo chibadwire, n'kupita nalo kwa a Gray. Anabwerako manja lende. Anakhala pakhomo n'kunena, osati kwa ine koma kwa Amayi eni ake, "Nabanda, kodi phala lilipo?" Amayi analowa m'nyumba ndipo anachedwa kutuluka.

Gule wa a Sixpence anachitika Loweruka. Ife tinakhala pakhomo, komboni yonse ili ku bwalo. Ababa amasoka thumba losang'ambika. Ng'oma ya Chadzunda itayamba, chala chawo chachikulu cha kuphazi chinayamba kugunda pansi chokha, iwo n'kuchiponda ndi phazi linalo. Akazi ochokera kumeneko akuti Chadzunda wa chaka chino akuvina ngati akusintha magiya. Sindikudziwa chifukwa chake, ndine mkazi.

Ine ndakwiya, achimwene, ndipo sindikudziwa kokatula. A Gray akupatsa Ababa moni ngati palibe chinachitika. Bwana sakudziwa n'komwe kuti ng'ombe yake inabala zotani. Inu muli ku Halale mukuvinitsa zipewa. Amayi akuyenda mutu uli m'mwamba, koma magalasi anawaika m'bokosi ndipo akuphonyanso ulusi pa singano.

Tsopano Ababa akufuna kulankhula. Ndilemba monga akunenera.

Saulos. Ndine bambo wako. Moni. Za mlandu zatha, usazitchulenso. Amako ndi amako. Tsopano mvera. Munthu akakhala m'kati mwa chinthu chija saona kanthu. Timabowo n'tating'ono. Amangoona fumbi ndi mapazi a anthu. Amamva akazi akululuta, osadziwa kuti akululutira chiyani. Ine ndinayamba ndili mnyamata kwathu mpaka imvi izi, sindinachionepo ndi maso. Amako akuti pa kutembenuka paja pamakhala bwino. Amako amakokomeza. Ndikufuna ndione ndekha. Bwana walola kuti ndikwere nawo lole pamene fodya womaliza akupita ku okushoni, pakati pa Ogasiti. Undisungire mpando. Wa kumbuyo, pasakhale wondidziwa. Pa kumwa madzi paja ndidzatsinzina. Basi.

Atatha anandifunsa ngati ndamva zimene ndalemba. Ndinati ayi. Anati chabwino. Jekete yawo ya ku tchalitchi yachapidwa kale.

Enifa


Harari, Salisbury
26 Julaye 1958

Mlongo wanga,

Moni. Bwanji zii chonchi? Pensulo inathyoka? Palibe kanthu, lero nkhani ili ndi ine. Tapambana.

Loweruka lapitali, zipewa zili m'mwamba, mzungu wina anatuluka kukaitana polisi. Wa nyuzipepala anamva fungo, ndipo eni nyumba anaopa kuti patinashipi yawo ituluka pa tsamba loyamba ili ndi chotupa pa diso. Dona anandiitananso. Ulendo uno tiyi panalibe. Anati kanemayo amuchotsa. Ndinati kuchotsa sikukwanira, mawa mudzamuonetsa ku Bulawayo, mkuja ku Umtali, kumene kuli a kwathu ambiri. Ndinakakamira pa mpando mpaka anatopa, n'kundilowetsa m'kachipinda ka makina.

Woyendetsa makina anatenga lumo. Dona anati, "Tidule pa madzi pokha. Vuto lili pamenepo basi, gule tisiye." Ndinati vuto ndi lonse, simunapemphe. Ndinaloza ndi chala kuyambira pamene bwalo lathu likuonekera mpaka pamene likuthera, pasatsale ndi phazi lomwe. Chidutswacho tinakachiponya mu dilamu ya moto kuseri kwa nyumba. Siziyaka bwino zinthu zimenezi, zimangofwanyika n'kununkha ngati tayala. Dona anati kwawo kuli kanema wina wofanana. Ndinati ameneyo azionedwa ndi mapiri a chipale. Zotsala za ku India aziika m'chitini, zikubwerera ku Ulaya pa sitima ya pamadzi.

Madzulo ake ophika aja anandinyamula pa mapewa mu hositelo, mpaka ndinagunda mutu ku denga.

Tsono pita kwa a Gray, ugwade monga amafunira, uwauze kuti chimene Amayi anaona kulibenso mu Rhodesia muno. Aweruze utsi. Ababa asunge katundu wawo, Amayi asunge mphasa yawo. Yankha msanga, ndikufuna kumva mmene nkhope ya a Laxon yagwera.

Mlongo wako wopambana,
Saulos


Harari, Salisbury
9 Ogasiti 1958

Enifa,

Moni. Kalata yako ya pa 21 Julaye yafika dzulo. Yanga uyenera kuti unailandira kale. Ngati sunawawerengere Ababa, usawawerengere.

M'mawa uno ndinapempha kutuluka pa sitolo n'kuthamangira kwa dona uja. Ndinamufunsa ngati kanema wa kwawo uja angabwere kuno, ngakhale tsiku limodzi, ngakhale kwa munthu mmodzi. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anati pambuyo pa zimene zinachitika akuluakulu ake sangamutumizenso m'dziko lino. Kenako anafunsa, "Bambo Phiri, kodi inu mukufuna chiyani kwenikweni?" Ndinatsika masitepe n'kubwerera ku sitolo.

Kuyambira dzulo ndikufunafuna woti ndimukwiyire, ndipo sakusowa. A Gray alipo, ndi mwendo wawo wa ng'ombe. A Laxon alipo. Bwana alipo, amene anabisala ndi makina alipo, a posi alipo. Ndikayamba kutukwana mmodzi ndimakumbukira lumo lija. Dona anati tidule pa madzi pokha. Lumo linadutsa pamene chala changa chinaloza.

Ababa abwerebe. Usawauze kanthu, ndidzawauza ndekha tikuonana maso. Loweruka la pakati pa mwezi uno mu holo muli kanema wa mmene amapangira tchizi, ndiye mpando wa kumbuyo upezeka mosavuta.

Chimodzi chokha uwauze lero, ngati uthenga wochokera kwa munthu amene anaonera kangapo. Amayi sanakokomeze. Chadzunda amabwera akutsimphina mpaka pakati pa bwalo, ndodo ikunjenjemera, uli kuti agwa pompano. Kenako amaiponya ndodoyo, n'kuzungulira pa phazi limodzi, nsanza zonse n'kuima mopingasa, fumbi n'kukwera mpaka m'chiuno. Pamene ng'oma yaikulu ikugunda, iye amakhala ataima kale, du, ngati sanasunthe. Azungu ankasiya kutafuna. Ophika ndi ochapa amene ndinabwera nawo kudzatchinga nsalu ankaiwala chimene tabwerera, ndinkachita kuwagunda ndi chigongono kuti aimirire.

Zimenezi ndi zimene zatsala zoti ndiwapatse, ndipo ndikuziyeseza kuseri kwa mabokosi a nsapato kuti ndidzazinene bwino. Iwo anapereka gule kuti Amayi akhale. Kamene kanatsalako ndinatentha ine, popanda wondituma.

Undiuze tsiku la lole. Ndidzawadikira pa okushoni, pa geti lolowera fodya.

Saulos